Tsiku Limene Ba Nyalugwe Anakulunga Vitumbuwa

"Iwe Mwai, ona! Ona chamene bagwira ba Josephine!"

Purity anamutsina Mwaiwathu pamkono mpaka mtsikanayo anadumpha. Misa inali itangotha kumene, anthu ali piringupiringu pabwalo la tchalitchi cha pa mishoni, ena akupatsana moni, ena akuthamangira ku tebulo la vitumbuwa pansi pa mtengo wa mango. Ba Josephine, mkulu wa azimayi a Anna Woyera, ankabwera chakuno akutafuna mwaulemu, chitumbuwa chili m'manja, chokulungidwa m'kapepala.

Mwaiwathu anayang'anitsitsa kapepalako. Sikanali ka nyuzipepala. Sikanalinso ka mayeso akale, amene mkulu wake Dyness ankakulungira vitumbuwa masiku onse. Kanali kakang'ono, ka zilembo zothithikana, ndipo pamwamba pake, pomwe mafuta anali atayamba kulowerera, panali kachithunzi ka phazi la nyalugwe.

"Mayo ine," ananong'ona Mwaiwathu. "Ni Ba Nyalugwe."

"Ni mathero, iwe!" anatero Purity. "Mathero yamene sitinawerenge!"

Nkhani yake inayamba chonchi. Purity anali ndi msuweni woluka tsitsi m'saluni ina ku Silverest, ndipo msuweniyo anamupatsa buku la Chingerezi, lonenepa ngati njerwa, chikuto chitathothoka kalekale. Linkasimba za kalonga wa kuphiri la chisanu, wokongola moopsa, amene akakwiya ankasanduka nyalugwe wakuda. Kalongayo anaba mtsikana wosauka n'kumutsekera m'nyumba yake yamiyala. Anali wansanje, wankhanza, wosaseka. Mwamuna aliyense woyerekeza kumuyang'ana mtsikanayo ankaona zakuda. Munalinso masamba ena oti munthu umawerenga ukucheukacheuka kuopa kuti wina angakuone nkhope, amene atsikanawo ankawatcha mapeji otentha. Dzina la kalongayo linali lovuta kutchula, choncho anangomupatsa lawo: Ba Nyalugwe.

Vuto linali lakuti buku linali limodzi, koma owerenga atatu: Purity, Mwaiwathu ndi mnzawo Immaculate, onse a giredi ileveni. Kudikirana? Ndani akanapirira! Anatenga lezala n'kulidula bukulo kumsana, kuligawa patatu. Chigawo chilichonse anachikuta ndi pepala la bulauni n'kulembapo mwaukhondo kuti Maphunziro a Zaulimi. Kuyambira tsiku limenelo, aphunzitsi ankadabwa kuona atsikana atatu okonda zaulimi chotere.

Ndiye kuwerenga kwake, abale! Purity ankati akafika pokoma amamenya desiki ndi kukuwa, kalasi yonse n'kutembenuka. Immaculate ankalira mpaka maso kutupa, n'kumanamizira chimfine. Mwaiwathu anapsereza kapenta, mphika n'kuda bii, iye ali chilili pambali pa mbaula, mphuno ili m'buku. Nthawi yopuma ankakumana kuseri kwa labu, onse akulankhula nthawi imodzi.

"Wafika pamene anaphwanya chitseko na dzanja imodzi?"

"Usaniuze! Usaniuze, nizakumenya!"

"Ati, 'Ukapita pa khomo iyi, nizatentha dziko yonse!' Awe shuwa, chikondi cha so nizachipeza kuti ine?"

Mwaiwathu yekha ndi amene ankaganiza kuti wachipeza. Kunali mnyamata wa giredi thwelofu, dzina lake Kelly, wamtali, goloboyi wa timu ya sukulu, wosaseka wamba. Anali atayamba kumudikira panjira m'mawa uliwonse. Akakumana, moni wake unali umodzi: kutambasula dzanja n'kunena kuti, "Foni." Mwaiwathu ankapereka, Kelly n'kuyang'ana amene wamulembera, nkhope itachita tsinya. Ndiye sabata imeneyo Kelly anawonjezera lamulo lina. Sukulu inkatumiza ophunzira ku mpikisano wa dibeti ku Chalimbana, ndipo Madamu Doris anali atasankha Mwaiwathu kuti akhale woyamba kulankhula.

"Kuja kuzankhala anyamata ba masukulu yonse," anatero Kelly. "Ngati unikonda, suyenda."

Mwaiwathu atawauza anzake, anakuwa mpaka mlonda wa sukulu anasuzumira.

"Ni Ba Nyalugwe wako! Iwe mwana uli na mwayi monga dzina yako!"

Choncho Mwaiwathu anatsimikiza mtima kuti Lolemba akawauza Madamu Doris kuti amuchotse. Kunena zoona, pansi pa mtima pankamuwawa. Temu yonse anali akuyeserera kutsutsana ndi mapesi a chimanga kudimba, ndipo ankalakalaka kuimirira m'holo yaikulu, anthu onse ali chete kumumvera. Koma buku linkati chikondi chenicheni chimawawa, ndipo iye ankalikhulupirira bukulo.

Chigawo chomaliza anachichitira maere, ndipo chinagwera Mwaiwathu Lachisanu. Tsono amayi ake anali ndi chizolowezi chopindula chikwama chake kumapeto kwa sabata, kufuna mabokosi a chakudya oiwalika. Mwaiwathu anaganiza kuti wachenjera. Anabisa chigawocho m'katoni ya mapepala akale imene inkakhala kunsi kwa bedi la Dyness. Loweruka lonse linathera kumunda. Chimene sanaganizire n'chakuti buku lodulidwa kumsana silichedwa kumasuka. Chikuto cha bulauni chinavuka, masamba anabalalika, ndipo Lamulungu m'mawa Dyness anangotapa mulu wa mapepala abwino, odulidwa kale pa msinkhu woyenera chitumbuwa, n'kuthokoza mumtima.

"Manje tichite bwanji?" anafunsa Immaculate, yemwe anali atafika akuthamanga, misozi ili kale m'maso.

"Titole!" anatero Mwaiwathu. "Pepala iliyonse! Ba mami bakaziwa, nafa ine!"

Anabalalika. Purity ndi amene anali ndi mutu wothamanga. Anapita kwa ba Josephine, n'kupinda maondo mwaulemu wonse.

"Mami, nipaseni pepala nikutayileni. Tiyeretsa pa tchalitchi."

"Ha! Ana aulemu chotere alipobe?" anatero ba Josephine, akupereka Ba Nyalugwe ndi manja awiri. "Azimayi, taonani ana awa! Apatseni mapepala!"

Azimayi a Anna Woyera anapereka onse, wina mpaka kumusisita Purity pamutu. Immaculate anathamangitsa tiana ta Sande sukulu kuzungulira nyumba ya ansembe, koma vuto lake linali lakuti pepala lililonse limene watola ankayamba waliwerenga. Ankangomveka akukuwa chapatali.

"Mayo! Wagwada pansi! Ba Nyalugwe bagwada!"

"Nakuuza kuti usaniuze!" anayankha Purity ali kutsidya kwa bwalo.

Pepala lina analipeza m'thumba la mnyamata wotumikira pa guwa. Lina linali litapindidwa kukhala ndege. Lina analiona bwinobwino likulowa m'kamwa mwa mbuzi ya pa mishoni, Immaculate n'kugwira mbuziyo nyanga, koma mbuzi inangomuyang'ana n'kumeza.

Mwaiwathu anathamangira ku tebulo kuti akapulumutse otsala. Dyness anali pamenepo, akutapa vitumbuwa m'beseni ndi foloko, manja akuthamanga. Anali wamkulu kwa Mwaiwathu ndi zaka zingapo. Anakwatiwa ku Silverest, ukwati wa nyimbo ndi magalimoto, koma chaka chathachi anabwerera kumudzi ndi zovala za m'thupi zokha. Palibe anafotokoza chifukwa. Amayi ankangoti wabwera kudzapuma. Awiriwa ankagona chipinda chimodzi, ndipo ankakangana pa chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku: Dyness sankafuna chitseko chotseka. Ankachitsekula n'kuchiikira mwala, nkhuku n'kumalowa mpaka kuipitsira nsapato za sukulu za Mwaiwathu.

Mwaiwathu anafika mochedwa. Kutsogolo kwa mzere kunali ba Vitalis, katekisiti wokalamba wa pa mishoni, munthu woti chilichonse cholembedwa sachilekerera, kaya ndi paketi ya shuga. Anali atavala kale magalasi, chitumbuwa dzanja ili, pepala dzanja ilo. Ndipo monga ankachitira ndi uthenga wa a bishopu, anayamba kuwerenga mokweza, akumasulira m'Chinyanja kuti onse apindule.

Mwaiwathu anapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wake: lisakhale peji lotentha.

"Apa akuti," anayamba ba Vitalis, akukonza kukhosi, "'Iye anatseka chipata, naika kiyi m'thumba mwake. Nati kwa mkaziyo, Anzako aja sudzawaonanso. Kwanu sudzapitakonso. Ndachita zimenezi chifukwa...' Aa, mafuta aphimba apa."

Anakweza pepalalo kuloza kudzuwa, akutsinzina diso limodzi. Anthu a pamzere anadikira.

"'Chifukwa nikukonda maningi,'" anatero Dyness, osadzutsa mutu, "'ndipo kunja kuli anthu oipa. Uzanithokoza tsiku ina.'"

Ba Vitalis anasendeza magalasi, milomo ikuyenda pang'onopang'ono.

"Ee! Ndi zomwezo zalembedwa apa! Unawerengapo, mwana wanga?"

"Sininawerenge, ba katekisiti. Ninamvapo chabe."

Anthu anaseka, koma Dyness sanaseke. Foloko inali itaima m'mwamba.

"Munthu ameneyu," anatero ba Vitalis akugwedeza mutu, "kumupempherera kokha sikukwanira. Afunika apolisi. Kodi mapepala amenewa achokera kuti?"

 Dyness anamuyang'ana Mwaiwathu kamodzi, kuyang'ana kwa mkulu amene wamvetsa zonse.

"Ni mapepala yakale chabe. Bweretsani nikupaseni ya nyuzi, iyo yang'ambika."

Analanda pepalalo mwaulemu, n'kukokera mulu wonse wotsala m'chitenje chake.

Vitumbuwa vitatha, awiriwo anauyamba ulendo wa kunyumba, Dyness atasenza beseni, Mwaiwathu atanyamula katebulo. Dzuwa linali litakwera. Anadutsa minda ya mishoni mpaka pa mlatho waung'ono pomwe Dyness anatula beseni n'kumasula chitenje.

"Tenga munthu wako."

Mwaiwathu analandira masambawo, manyazi atamugwira. Koma pakamwa pake sipanathe kukhala chete.

"Ba sisi, imwe simumvetsa. Peji imodzi siikwana. Amukonda zoona, ni nsanje chabe. Kumathero azasintha, Immaculate waona kuti bagwada pansi."

"Naine ananigwadila," anatero Dyness. "Kambiri."

Anakhala pa khoma la mlatho n'kuvula nsapato imodzi, kuchotsa kamwala.

"Uziwa mwamene inayambila? Na foni. Anali kuitenga oseka, ati nione wamene akulembela mkazi wanga. Ine kukondwa! Ninauza anzanga onse kuti mwamuna wanga ni wansanje, anikonda kufa. Pambuyo anati kwaya nileke, muli amuna. Ninaleka. Nchito ya mu shopu nayo ati nileke. Ninaleka. Nyumba inali yabwino, Mwai, ya matailosi, na mpanda utali, na geti yakuda. Tsiku ina ninamva loko ilila kunja. Kunja, osati mukati."

Mwaiwathu anatula katebulo n'kukhala pambali pa mkulu wake. Dyness anapitiriza.

"Ninali kuimilila pa windo ya zitsulo, nimvela makondakita ku msewu baitana, 'Chongwe! Chongwe!' Kwathu kuja, basi ipita, ine nili mukati. Madzulo abwela na chikeni na machipisi, ati, 'Uzanithokoza tsiku ina.' Ninali kuyembekeza mathero naine. Ninali kukamba kuti azasintha."

"Manje munachoka bwanji?"

"Pa puloti ya pafupi banali kumanga. Ninapempha ba bilikileya kuti baniponyele leda. Ninakwela mpanda kopanda nsapato." Dyness anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Nimakumvani mukamakamba za Ba Nyalugwe banu. Wanga analibe mchila, iwe. Sanali kusanduka chilichonse. Anali kuvala tayi."

Mwaiwathu anayang'ana masamba amafuta amene anali m'manja mwake. Kenako, osafuna, anaona m'maganizo chitseko cha chipinda chawo ndi mwala uja. Anakumbukira mmene ankachimenyetsera dala, akulalata za nkhuku, ndi mmene Dyness ankadzukira mwakachetechete kukachitsekulanso. Chisoni chinamugwira.

"Ba sisi, nikhululukileni. Buku iyi nizaitaya."

"Utaye chifukwa? Anzako bavutika kuthamangitsa mbuzi. Werengani, museke, mulile. Buku ukalema nayo uitseka wekha." Dyness anasenzanso beseni. "Koma uja mnyamata wamene akuimika pa njila m'mawa, namuona mwamene atambasulila dzanja. Tiye, ba mami batiyembekeza."

Masana a tsikulo atsikana atatu aja anakumana kuseri kwa nyumba ya Purity, n'kuyala masamba pa mphasa. Ena anali oonekera ngati galasi chifukwa cha mafuta, ena atalumidwa m'mbali. Anawasanja mwa manambala, mitu itagundana, Purity akuwerenga mokweza ndi mawu a Ba Nyalugwe, Immaculate akupukuta misozi ndi chitenje. Anafika pomwe kalonga wagwada, kiyi ili m'manja, mtsikana ataima pachipata. Purity anatembenuza tsamba, n'kupeza mphasa.

"Ili kuti? Peji yomaliza ili kuti?"

"Mbuzi," anatero Immaculate ndi mawu aang'ono.

Purity anadzigwetsa chagada n'kumenyetsa miyendo pansi.

"Nizaipha! Nizaidya na Khirisimasi! Manje tizaziwa bwanji ngati anamutsegulila olo anankhala?"

Mwaiwathu anaseka nawo, koma maganizo ake anali pa windo ya zitsulo ku Silverest.

Lolemba m'mawa Kelly anali pamalo pake, atatsamira mtengo wa bulugamu pafupi ndi njira ya kusukulu. Purity ndi Immaculate anatsalira m'mbuyo pang'ono monga mwa nthawi zonse, akugwirana manja ndi kusekerera. Kelly anatambasula dzanja.

"Foni."

Mtima wa Mwaiwathu unagunda. Masiku onse kugunda kumeneku ankakutcha chikondi. Lero anakumvetsera bwino, ndipo anazindikira kuti anali mantha. Anapisa m'chikwama, n'kutulutsa chitumbuwa chimene Dyness anamupatsa kuti akadye nthawi yopuma, n'kuchiika m'dzanja lotambasulalo.

Kelly anachiyang'ana ngati sanaonepo chitumbuwa chibadwire.

"Ni chani ichi? Nakamba foni. Ndipo ba Madamu wabauza?"

"Niyenda kubauza manje. Nifuna banisungile mpando wa kutsogolo mu basi, kumbuyo nimachita chizungulile."

"Iwe, unamva vamene ninakamba? Ukayenda ku Chalimbana, ine na iwe vasila!"

Nkhope yake inachita tsinya lija limene atsikana ankalikuwira kuseri kwa labu. Mwaiwathu analiyang'anitsitsa, ndipo anaona mnyamata wokwiya basi, atagwira chitumbuwa. Pena pake mumtima panawawa, pakuti anali atamukonda ndithu.

"Chabwino," anatero. "Vasila."

Anadutsa. Sanacheuke, ngakhale khosi linkafuna. Anamva mapazi akuthamanga m'mbuyo mwake, ndipo Purity anamugwira phewa, maso ali tong'oo.

"Mwai! Wapenga? Wasiya Ba Nyalugwe pa njila, na chitumbuwa m'manja!"

"Nabasiya."

 Purity anacheuka kuyang'ana Kelly, anayang'ananso mnzake, kenako mwadzidzidzi anamenya chikwama chake ngati mmene ankamenyera desiki.

"Koma mwandi, mwamene wayankhila! 'Chabwino. Vasila.' Mayo! Immaculate, wamva? Iyi ndiye peji yamene mbuzi inadya!"

Immaculate anali atayamba kale kulira.

Madzulo ake Mwaiwathu anafika kunyumba mawu atasasa, chifukwa Madamu Doris anawayeserera dibeti mpaka belu lomaliza. Dyness anali m'chipinda, atakhala pabedi, akudula nyuzipepala zokulungira vitumbuwa. Chitseko chinali chitabwerera pakati chifukwa mwala uja unali utasuntha. Mwaiwathu anaponya chikwama pabedi, dzanja n'kupita lokha pa chitseko monga mwa chizolowezi. Anaima. Kenako anachikankha mpaka kukhoma, anawerama, n'kukokera mwala pamalo pake, kuutsindira bwino ndi phazi.

Dyness anasiya kudula. Anamuyang'ana mng'ono wake.

"Nkhuku zizangena," anatero.

Mwaiwathu anavula nsapato za sukulu n'kuziika pamwamba pa kabati.

"Zingene," anayankha.